Magalimoto amakono akubweranji atayasamula kukamwa chonchi?

Mu September 2025, pa chionetsero cha magalimoto mumzinda wa Munich ku Germany, kampani ya BMW inatulutsa galimoto yake yatsopano yamagetsi yotchedwa iX3. Mwa zinthu zimene anthu anakamba kwambiri panali mphuno yake: timipata tiwiri toonda, toimirira pakati pa magetsi akutsogolo. Zinadabwitsa chifukwa kwa zaka zingapo kampani yomweyi ndiyo inkatchuka ndi kukulitsa kutsogolo kwa magalimoto ake mpaka anthu kumainyoza pa intaneti. Komabe pa chionetsero chomwecho, Mercedes-Benz inabwera ndi GLC yamagetsi yokhala ndi chimphuno chachikulu, chowala ndi timagetsi mazanamazana. Makampani awiri a dziko limodzi, mwezi umodzi, wina akuchepetsa wina akukulitsa.

Kuno kwathu nkhaniyi imafika mochedwerapo, poti magalimoto ambiri timagula atayendapo kale kunja, makamaka ku Japan. Fasho imene inayamba kumeneko zaka khumi zapitazo ndi imene yadzaza m'misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka lero: Alphard yonyezimira kuyambira pa boneti mpaka pansi pa bampala, Voxy, Hilux yatsopano, Ranger, Land Cruiser 300. Ndipo mukaima pamalo ogulitsira magalimoto mumva maganizo awiri. Ena amati kukamwa kwakukulu ndi chizindikiro cha injini yamphamvu imene siwira wamba. Ena amati palibe chimene kumachita, ndi matama chabe. Onsewa akugwira mbali ina ya choonadi, koma nkhani yonse ndi yotalikirapo.

Grille ndi chiyani kwenikweni

Grille ndi chotchinga chamipatamipata chimene chimakhala kutsogolo kwa galimoto, pakati pa magetsi awiri aja, pamene nthawi zambiri pamakhala chizindikiro cha kampani. Kumbuyo kwake kuli redieta, chitsulo cha timapaipi tambirimbiri m'mene mumadutsa madzi oziziritsa injini.

Magalimoto oyambirira analibe grille. Chimene munthu ankaona kutsogolo chinali redieta yeniyeniyo, ili pamtunda. Mercedes ya 1901, imene anaikonza ndi Wilhelm Maybach, inatchuka ndi redieta ya timabowo tofanana ndi zisa za njuchi, ndipo makampani ena ambiri anatengera. Koma misewu ya nthawiyo inali yamiyala, ndipo mwala umodzi wouluka unkatha kuboola timapaipi tija, madzi n'kutayika, ulendo n'kuthera pomwepo. Ndiye anayamba kuika chotchinga kutsogolo kwake. Chotchingacho chitakhala poonekera aliyense, makampani anayamba kuchikongoletsa, aliyense mwa mtundu wake. Rolls-Royce inachipanga ngati khomo la kachisi wakale wokhala ndi mizati. BMW inachigawa pawiri kuyambira pa galimoto yake ya 303 mu 1933. Jeep inakhala ndi mipata yoimirira isanu ndi iwiri imene ikadalipo mpaka pano.

Choncho kuyambira kalekale grille yakhala ikugwira ntchito ziwiri: kulowetsa mpweya uku ikuteteza redieta, komanso kuuza munthu ali patali kuti ikubwerayo ndi galimoto ya kampani iti. Chimene chasintha masiku ano ndi chakuti ntchito yachiwiriyi yakula kwambiri kuposa yoyamba.

Injini imafuna mpweya wochuluka bwanji

Injini ya petulo kapena dizilo imataya mphamvu zambiri. Mongoyerekeza, pa mphamvu yonse imene ili m'mafuta, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi limene limayendetsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi. Gawo lotsalalo limasanduka kutentha kumene kuyenera kuchotsedwa ndi madzi, apo ayi injini iwira, gasiketi ipsa, mutu wa injini upindika. Madzi amazungulira mu injini, amatenga kutenthako, amafika mu redieta, mpweya wodutsa pakati pa timapaipi umawaziziritsa, kenako amabwerera. Galimoto ikaima pamzere kapena ikamayenda pang'onopang'ono, fani ndi imene imakoka mpweyawo.

Apa m'pamene amene amati grille yaikulu ili ndi ntchito amanena zoona pang'ono. Galimoto yamakono ili ndi zinthu zambiri zofuna kuziziritsidwa kuposa ya makolo athu. Kutsogolo kwa redieta kumakhala kachitsulo kena kofanana nayo kotulutsa kutentha kwa makina oziziritsa m'kati mwa galimoto. Injini zambiri tsopano zili ndi turbo, chipangizo chopanikiza mpweya wolowa mu injini kuti injini yaing'ono itulutse mphamvu zambiri. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, choncho umadutsa kaye mu choziziritsira chake. Magalimoto ena alinso ndi choziziritsira oyilo wa injini ndi oyilo wa giyabokosi. Zonsezi zimadalira mpweya wochokera kutsogolo. Ndipo pa mapikapu akuluakulu adizilo a ku America, amene amakoka ngolo zolemera matani angapo pokwera mapiri, redieta yake ndi yaikuludi ndipo imafunadi khomo lalikulu.

Koma pa magalimoto ambiri wamba, mpata umene ukufunika ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene maso akuona. Mukafuna kutsimikiza, weramani pafupi ndi galimoto ya grille yaikulu, muunike ndi tochi ya foni. Mupeza kuti mipata yambiri, makamaka ya m'mbali ndi ya m'mwamba, ndi yotsekeka ndi pulasitiki wakuda kumbuyo kwake. Chala sichingapyole. Pakati penipeni pamadutsanso chitsulo chopingasa cholandira mphamvu ya ngozi, ndipo pamenepo mpweya sudutsa. Mpweya wambiri umalowera pa mpata wa m'munsi, pansi pa nambala, pamene anthu ambiri sayang'anako n'komwe. Zili ngati nyumba za mipanda za ku Area 43 kapena ku Namiwawa: geti ndi lalikulu, lachitsulo chokongoletsedwa, koma anthu tsiku lonse amalowa ndi kutuluka pa kachitseko kakang'ono ka pambali.

Umboni wina ndi magalimoto amene anayenda bwinobwino opanda grille ya m'mwamba. Citroën DS ya 1955 inkalandira mpweya wake kuchokera pansi. Volkswagen Passat ya 1988 inali ndi mphuno yosalala, chizindikiro cha kampani chokha pakati pa magetsi. Infiniti Q45 ya 1989 inabweranso yopanda grille. Injini zawo zinkazizira ndithu. Koma Passat ndi Q45 yemwe, patangopita zaka zochepa anazibwezera grille, chifukwa ogula ambiri ankaona ngati galimotoyo ilibe nkhope.

Palinso chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira: mainjiniya safuna mpweya wopitirira muyeso. Mpweya wolowa m'chipinda cha injini umagunda redieta, injini ndi mapaipi, n'kumazungulira usanatulukire pansi. Zimenezi zimabweza galimoto m'mbuyo ndipo imamwa mafuta ambiri, makamaka ikamathamanga. N'chifukwa chake magalimoto ambiri amakono, monga a BMW ndi a Ford, ali ndi timazenera totseguka ndi kutsekeka tokha kumbuyo kwa grille. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini yatentha, imatitsegula. Ikaona kuti kutentha kuli bwino, imatitseka kuti mpweya uzingodutsa pamwamba ndi m'mbali. Zikatero galimoto ingathe kuyenda mtunda wautali pa msewu waukulu chikamwa chonse chija chili chotseka.

Nkhope imagulitsa galimoto

Ngati si mpweya, n'chiyani chinakulitsa magrille? Chifukwa chachikulu ndi malonda, ndipo chimayambira m'mutu mwa munthu.

Ofufuza a ku yunivesite ya Vienna, motsogozedwa ndi Sonja Windhager, anafalitsa kafukufuku mu 2008 woonetsa kuti anthu akayang'ana kutsogolo kwa galimoto amaonapo nkhope: magetsi ngati maso, grille ngati mphuno kapena kamwa. Amathanso kunena kuti iyi ikuoneka yaukali, iyi yofatsa, iyi ngati mwana, iyi ngati munthu wamkulu wolamula. Ambiri mwa amene anafunsidwa anakonda nkhope zooneka zamphamvu. Ofufuzawo anakabwereza ntchitoyi ku Ethiopia, pakati pa anthu akumudzi amene sanazolowere zotsatsa malonda a magalimoto, ndipo anapeza kuti nawonso amawerenga nkhope za magalimoto mofanana kwambiri ndi a ku Austria. Okonza maonekedwe a magalimoto amazidziwa bwino izi.

Kampani imene anthu ambiri amati inayambitsa mpikisano wa masiku anowu ndi Audi. Kale magalimoto ake anali ndi mpata wa m'mwamba ndi wa m'munsi, bampala n'kudutsa pakati. Cha mu 2004, pamene Walter de Silva ankatsogolera za maonekedwe, anaphatikiza mipata iwiriyi kukhala chinthu chimodzi chachitali chozunguliridwa ndi mkombero wonyezimira. Mpweya wolowa sunasinthe kwenikweni, koma munthu woyang'ana pa kalilole wa galimoto yake ankadziwa nthawi yomweyo kuti kumbuyoku kukubwera Audi. Makampani ena anaona.

Lexus, yomwe ndi nthambi ya magalimoto apamwamba ya Toyota, inkadziwika kuti ndi yodalirika koma yosachititsa chidwi. Akio Toyoda, amene ankatsogolera Toyota nthawiyo, ankanena poyera kuti sakufunanso magalimoto ogwetsa ulesi. Kuyambira pa GS ya 2012, Lexus inabwera ndi grille yopanikizika m'chiuno, yotambasuka m'mwamba ndi m'munsi, ndipo inkakulirakulira ndi galimoto iliyonse yatsopano mpaka pa LX 600 ya 2021, imene pafupifupi kutsogolo kwake konse ndi mizere yopingasa.

BMW ndiye inautsa phokoso lalikulu. Mu 2019 inakulitsa grille ya 7 Series ndi 40 peresenti. Mu 2020 inatulutsa 4 Series yokhala ndi mipata iwiri yotsika kuchokera pa boneti mpaka pansi pa bampala, nambala n'kupingasa pakati. Okonda BMW ambiri anakwiya. Mkulu wa za maonekedwe ku BMW panthawiyo, Domagoj Dukec, anayankha kuti cholinga sichinali kusangalatsa aliyense, ndipo kampaniyo inkakumbutsa anthu kuti magalimoto ake a m'ma 1930, monga 328, analinso ndi grille yaitali yoimirira. Ogula sanathawe: mu 2023 gulu la BMW linagulitsa magalimoto ambiri kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Izi sizitanthauza kuti grille ndiyo inagulitsa magalimotowo, koma zikuonetsa chifukwa chake makampani satekeseka ndi madandaulo a pa intaneti. Amene akudandaula kwambiri nthawi zambiri si amene akukagula galimoto yatsopano.

Pali chifukwa china cha ndalama chimene ife ogula magalimoto a ku Japan timachiona ndi maso tsiku lililonse. Kukonza chimango cha galimoto, injini ndi giyabokosi kumadya ndalama zambiri, choncho makampani amagwiritsa ntchito chimango chimodzi pa magalimoto angapo. Toyota Noah ndi Voxy ndi galimoto imodzi. Mu 2014 anawonjezerapo yachitatu, Esquire, ndipo chimene chinaisiyanitsa kwambiri ndi anzake chinali grille yaitali yonyezimira. Alphard ndi Vellfire nazonso ndi mapasa osiyana nkhope. Ku Ulaya, Audi Q7, Volkswagen Touareg, Porsche Cayenne, Bentley Bentayga ndi Lamborghini Urus zimachokera pa maziko amodzi, ngakhale mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Kusintha chitseko kapena denga kumafuna makina atsopano opindira zitsulo. Kusintha grille ndi bampala kumangofuna chikombole chatsopano cha pulasitiki. Ndiye pamene pali potchipa kusintha, poonekeranso kwambiri, m'pamene okonza maonekedwe amathirapo mphamvu zawo zonse.

Ambiri amaloza chala dziko la China. N'zoona kuti kuyambira 2009 China ndiwo msika waukulu kwambiri wa magalimoto atsopano padziko lonse, ndipo makampani a ku Germany amagulitsako gawo lalikulu la magalimoto awo apamwamba. Zimanenedwa kawirikawiri kuti ogula akumeneko amakonda galimoto yoonetsa udindo wa mwini wake. Koma kuika mlandu wonse pa China n'kuphonya. Magrille aakulu kuposa onse ali pa mapikapu a ku America, monga Chevrolet Silverado ndi Toyota Tundra, opangidwira anthu a ku America komweko. Alphard ya 2015 anaipangira makamaka ogula a ku Japan. Mtima wofuna kuti anthu akupatse ulemu pamsewu uli paliponse, ndipo kwathu kuno sitingaukane.

Khoma limene grille ikubisa

Chifukwa chachiwiri sichikambidwa kwambiri, koma kwa ine ndicho chofunika kuposa zonse. Kutsogolo kwa magalimoto kwatalika, ndipo grille yaikulu ndi njira yodzazira malo amene kutalikako kwasiya.

Kutalikaku kwachokera mbali ziwiri. Mbali yaing'ono ndi malamulo oteteza oyenda pansi. Kuyambira 2005, magalimoto atsopano a mtundu watsopano ku European Union anayamba kuyesedwa kuti aone zimene zingachitikire mutu ndi miyendo ya munthu wogundidwa. Poyesapo amawombera chinthu cholemera ngati mutu wa munthu pa boneti. Kuti mutuwo usaphwanyike, boneti iyenera kubonyoka, ndipo kuti ibonyoke pamafunika mpata pakati pa iyo ndi injini yolimba ili pansi pake. Zotsatira zake boneti inakwera ndi masentimita angapo. Mbali yaikulu ndi yakuti anthu anasiya kugula magalimoto afupiafupi n'kuthamangira ma SUV, aja okwera m'mwamba ngati Prado, Fortuner ndi RAV4, komanso mapikapu.

Pa nthawi yomweyo magetsi akutsogolo anachepa. Kale nyali inkafuna babu ndi mbale yaikulu yowalitsira kumbuyo kwake. Magetsi a LED amatha kukhala kamzere koonda chabe. Ndiye taganizirani wokonza maonekedwe ali ndi khoma lalitali, lotambalala, magetsi ake ang'onoang'ono. Akalisiya losalala lopentedwa, galimoto ioneka yolemera ndiponso yotupa. Akaikapo chinthu chakuda chamizeremizere, diso limanyengeka, khomalo silionekanso ngati khoma. Grille yaikulu nthawi zambiri imabadwa chonchi.

Tsono apa nkhani ya kukongola imasanduka nkhani ya moyo. Mu 2023 bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety linaunika ngozi pafupifupi 18,000 zimene galimoto inagunda munthu woyenda pansi. Linapeza kuti magalimoto amene kutsogolo kwake n'kotalika kupitirira masentimita pafupifupi 102 amapha wogundidwayo kawirikawiri ndi 45 peresenti kuposa amene kutsogolo kwake sikupitirira masentimita 76 ndipo n'kotsetsereka. Ngakhale pa magalimoto otalika pakatikati, amene mphuno yake ndi yoimirira ngati khoma anali oopsa ndi 26 peresenti kuposa afupi otsetsereka aja.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Galimoto yaifupi imagunda munthu wamkulu m'miyendo, thupi n'kugwera pa boneti imene inapangidwa kuti ibonyoke. Miyendo ingathyoke koma munthuyo nthawi zambiri amapulumuka. Galimoto yaitali imagunda m'chiuno, m'mimba kapena pachifuwa, pamene pali ziwalo zosunga moyo, ndipo m'malo momunyamula imamukankhira kutsogolo, pansi, kumene matayala akubwera. Kwa mwana wa pulayimale, m'mphepete mwa boneti yotere mumafika m'mutu. Komanso boneti yaitali imabisa malo amene ali pafupi ndi kutsogolo kwa galimoto, moti mwana woima kapena wokhala pansi pamenepo dalaivala samuona konse.

Ku Ulaya, bungwe la Transport & Environment linanena mu 2025 kuti kutalika kwa boneti za magalimoto atsopano kunakwera kuchoka pa masentimita 76.9 mu 2010 kufika pa 83.8 mu 2024, ndipo linapempha kuti pakhale malire a masentimita 85 pofika 2035. Opanga magalimoto nawo amakumbutsa kuti magalimoto atsopano ali ndi makina ogwira mabuleki okha akaona munthu kutsogolo, ndiponso kuti ogula ndi amene akufuna magalimoto okwera. Kuno kwathu mfundo yomalizayi ili ndi maziko: amene anayendapo msewu wafumbi nthawi ya dzinja amadziwa kuti galimoto yokwera si matama, ndiyo imakufikitsa kumudzi.

Komabe tiyenera kukumbukira kuti kafukufuku uja anachitikira m'maiko amene ali ndi tinjira ta oyenda pansi m'mbali mwa misewu. Malinga ndi World Health Organization, chigawo cha Africa ndicho chimataya anthu ambiri pa ngozi zapamsewu poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Aliyense amene anadutsa pa Lizulu kapena pa Jenda tsiku la msika akudziwa mmene msewu wa M1 umakhalira: amayi ndi madengu a tomato m'mphepete mwa tala, akabaza, ana akuwoloka. Grille payokha, poti ndi pulasitiki wofewa, si imene imapha. Chimene chimavulaza ndi kutalika ndi kuimirira kwa chimene yavekedwapo, pamodzi ndi liwiro.

Apa ndiyenera kutchulapo za zitsulo zimene ambiri amamangirira kutsogolo kwa mapikapu, zija timati bull bar. Amene amayenda usiku kumene ng'ombe ndi mbuzi zimagona pamsewu ali ndi chifukwa chomveka choziikira, poti zimateteza redieta. Koma chitsulo cholimba chotere chimafafaniza ntchito yonse imene mainjiniya anagwira kuti bampala ndi boneti zizibonyoka zikagunda munthu. Ku European Union, lamulo la 2005 linaika miyeso imene zitsulo zolimba zachikale sizingakwanitse pa magalimoto ang'onoang'ono atsopano.

Nanga magalimoto amagetsi, opanda injini yoyaka moto?

Mota yamagetsi imataya mphamvu zochepa kwambiri, choncho kutentha kwake n'kochepanso. Batire ndi zipangizo zake zimafunabe kuziziritsidwa, makamaka potchaja mofulumira, koma kampata ka m'munsi kamakwanira. Tesla Model S itatuluka mu 2012 inali ndi chinthu chakuda chowulungika kutsogolo, chongoyerekeza grille kuti anthu asaione yachilendo. Mu 2016 anachichotsa, ndipo Model 3 inabwera ndi mphuno yosalala. Makampani ambiri atsopano a ku China atsatira njira yomweyo.

Makampani akale ndiwo ali pa mphambano, chifukwa nkhope yawo anaimanga pa grille kwa zaka pafupifupi 100. BMW iX ya 2021 ili ndi "grille" yaikulu yopanda bowo ngakhale limodzi. Ndi chivindikiro chobisa kamera ndi radar (kachipangizo koyeza mtunda wa chimene chili patsogolo), chokutidwa ndi pulasitiki wapadera amene timikwingwirima tating'ono timafafanizika tokha akatenthedwa. Ena asandutsa malowa kukhala nyali yokongoletsera, yoonetsa usiku kuti ikubwerayo ndi ya kampani iti. Lexus, kuyambira pa RX ya 2022, inayamba kusungunula m'mwamba mwa grille yake kuti ilowerere m'thupi la galimoto. Ndiye kunena kuti nyengo ya magrille aakulu yatha n'kufulumira, ngakhale zizindikiro zoti ikutembenuka zilipo.

Zimene mwini galimoto kuno ayenera kudziwa

Magalimoto amene akutsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kapena ochokera ku Durban, apitiriza kubwera ndi nkhope zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo zili ndi mtengo wake.

Chonyezimira chija si chitsulo. Ndi pulasitiki wokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka chrome. Akasweka sawongoleka ngati mmene owongola magalimoto amachitira ndi chitsulo, ndipo kumata kumaonekera. Popeza grille tsopano imatsika mpaka pamene kale panali bampala yokha, kugundana pang'ono pamzere wa magalimoto kumene kale kukanangosiya kachipsera, lero kumaswa chinthu chodula chimene mwina muyenera kuitanitsa kunja.

Chodula kwambiri chimakhala kumbuyo kwake. Radar ndi kachipangizo kotumiza mafunde a wailesi kutsogolo n'kuyeza kutalika kwa mtunda pakati pa galimoto yanu ndi chimene chili patsogolo. Ndi kamene kamathandiza galimoto kuchenjeza dalaivala kapena kugwira yokha mabuleki. Toyota inayamba kufalitsa makina otere pa magalimoto ake ambiri kuyambira 2015, ndipo pa mitundu yambiri radar imakhala kuseri kwa chizindikiro cha kampani, pakati pa grille. Mungachizindikire chifukwa chimakhala chosalala ngati galasi, osati chotumphuka. Mukachisintha ndi chizindikiro wamba, mukachipenta, kapena mukamangirira chitsulo kapena nyali zowonjezera patsogolo pake, radar imatha kusokonezeka. Ikasunthika pa ngozi, ngakhale pang'ono, iyenera kulozetsedwanso ndi makina, ndipo si galaja iliyonse ili nawo. Pogula galimoto yoyendapo kale, yatsani injini muone ngati nyali yochenjeza za makinawa ikuzima pa dashibodi.

Pa nkhani ya kuwira, musadalire kukula kwa kukamwa. Galimoto imene ikuwira pokwera Chiweta, Khwekhwerere kapena chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre nthawi ya October, kawirikawiri vuto lake limakhala fani yosazungulira, chotsekera redieta chotha mphamvu, madzi ochepa, kapena timapaipi totsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothiramo madzi apampopi okhaokha. Kunja kwa redieta nako kumatsekeka: njere za udzu mukayenda m'tchire, matope a dzinja, ngumbi zimene zimadzaza pa magetsi mvula yoyamba ikagwa. Zonsezi zimamatirira pa kachitsulo ka makina oziziritsa m'kati kaja, kamene kali patsogolo, ndipo zina zimalowa pakati pa iko ndi redieta pamene diso silifika. Kutsuka ndi madzi osathamanga kwambiri, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kumathandiza. Madzi amphamvu a pamalo otsukira magalimoto amapinda timapepala ta chitsulo topyapyala tija, mpweya n'kulephera kudutsa.

Yang'ananinso mpata wa m'munsi uja. Nambala yomangidwa motsika, nyali zowonjezera kapena chitsulo chotchinga pansi chopanda mabowo zingatseke khomo lenileni la mpweya pamene grille yonse ya m'mwamba ikuoneka yotseguka. Ndipo ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wokhala ndi timazenera totseguka tokha, muuzeni makaniko ationenso: kamota kake kakafa kapena timazenerato tikagwidwa ndi matope tili totseka, injini imatentha ngakhale redieta, fani ndi madzi zonse zili bwinobwino.